Mmene Mungafufuzire Chithunzi cha Chinjoka Chimene Chafala pa Foni

Mvula ikangoyamba, foni yanga imadzaza ndi zithunzi za njoka. Poti achibale ndi anzanga amadziwa kuti ndimakonda kuwerenga za nyama zokwawa, aliyense amene walandira chithunzi cha chinjoka pa gulu la pa WhatsApp amachikankhira kwa ine, ndipo funso limakhala lomwelo: kodi zimenezi n'zoona? Pali chithunzi china cha njoka yolendewera pa katapila chimene ndachilandira kanayi m'zaka zitatu. Koyamba mawu ake ankati yapezeka pokonza msewu ku Nkhotakota, kachiwiri inali itasamukira ku Chipata, kachitatu ku Tete, ndipo komaliza azakhali anga ananditumizira usiku, madzi atasefukira kwawo, atalemba kuti, "Mwanangu, Napolo akunenedwa uja si ameneyu?" Njoka inali yomweyo, katapila yemweyo, ngakhale bambo wovala chipewa amene waima kumbuyo anali yemweyo. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi njira imene ndimatsata, kuti wofunsa wotsatira azitha kufufuza yekha.

1. Lekanitsani chithunzi ndi mawu amene chabwera nawo.

Zithunzi zambiri zotere si zabodza ayi. Njokayo inalipodi ndipo wina anaijambula. Chimene chimanama ndi mawu olembedwa pansi pake. Mawuwo amanena zinthu zitatu nthawi imodzi, zomwe ndi mtundu wa njoka, malo ndi nthawi imene inapezeka, komanso kukula kwake, ndipo chilichonse mwa zitatuzi chiyenera kufufuzidwa pachokha, chifukwa china chikhoza kukhala choona pamene ziwiri zinazo ndi zopeka. Sungani chithunzicho m'foni, musachitumize kaye kwa wina, ndipo funsani amene wakutumizirani kuti anajambula ndani. Yankho likakhala lakuti "ndangochiona pa gulu lina", ndiye kuti palibe mboni. Musataye nthawi kufunafuna tsiku lojambulira mkati mwa chithunzicho, popeza WhatsApp ndi Facebook zimafufuta zimene kamera imalembamo, ndipo tsiku limene foni yanu ikuonetsa ndi limene inuyo mwachilandirira.

2. Pezani kumene chithunzicho chinayamba kuonekera.

Lowetsani chithunzicho mu Google Lens, kenako mu TinEye, ndipo ngati bandulo ikulola yesaninso Yandex Images, chifukwa njira zitatuzi, zimene zimasaka pa intaneti masamba ena amene ali ndi chithunzi chomwecho, sizipeza zinthu zofanana. Ubwino wa TinEye ndi woti mukhoza kusanja zimene yapeza kuyambira chakale kwambiri. Musanafufuze, dulani mawu ndi zizindikiro zimene anthu amata m'mphepete, kuti patsale njoka ndi malo okha. Ngati ndi kanema, muimitseni pa malo atatu kapena anayi, mutenge screenshot paliponse, ndipo mufufuze chithunzi chilichonse pachokha.

Ambiri amalakwitsa potenga tsamba loyamba limene latuluka ngati gwero la nkhani, pamene kawirikawiri limakhala la munthu wina amene ananamizidwa ngati inu nomwe. Chimene mukufuna ndi tsiku lakale kuposa onse, komanso chithunzi chooneka bwino kuposa chanucho, popeza chithunzi chimanka chizilala akamachitumiza kambirimbiri. Chithunzi chimene akuti chajambulidwa dzulo chikapezeka kuti chinalipo kale mu 2016, nkhani ya malo ndi nthawi yagwa pomwepo.

Nthawi zina mudzapeza kuti si njoka n'komwe. Mu 2022 anthu anafalitsa kwambiri "mafupa a chinjoka chakale" amene ankaoneka pa Google Maps m'mphepete mwa nyanja ku France. Mafupawo ndi chosema cha aluminiyamu chotchedwa Serpent d'océan, chotalika mamita pafupifupi 130, chimene mmisiri Huang Yong Ping anapanga ndipo chinaikidwa mu 2012 ku Saint-Brevin-les-Pins, pamene mtsinje wa Loire umathirira m'nyanja. Chimodzimodzinso chinjoka chimene chimaoneka chikumeza ng'ona mkati mwa nyumba yaikulu: ndi chifaniziro cha Titanoboa chimene a bungwe la zofufuza la ku America la Smithsonian anaonetsa mu 2012 pa siteshoni ya Grand Central ku New York.

3. Zindikirani mtundu wa njoka poyang'ana mutu ndi mawanga.

M'Chichewa njoka iliyonse yaikulu imene imapha mokulunga timangoitcha nsato, ndipo apa ndi pamene chisokonezo chimayambira, chifukwa nsato zilipo za mitundu ingapo ndipo uliwonse uli ndi kwawo. Kuzani chithunzicho ndi zala, muyambe ndi mutu, kenako msana, ndipo ngati kukuoneka, kumimba.

Nsato yathu ya kuno, imene akatswiri amaitcha Python natalensis, ili ndi banga lodera looneka ngati nsonga ya mkondo pamwamba pa mutu, ndipo mbali zonse ziwiri za bangalo kuli mzere wotuwa wodutsa pamwamba pa diso. Mawanga a pamsana ndi abulauni, osalongosoka, ndipo amalumikizana mwapatalipatali. Kumimba kwake kuli timadontho takuda. Kumadzulo ndi pakati pa Africa kuli mbale wake, Python sebae, amene ndi wovuta kumusiyanitsa ndi wathuyu pa chithunzi cha pa foni.

Nsato ya maukonde, Malayopython reticulatus, ndi ya kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, m'mayiko monga Indonesia, Malaysia, Thailand ndi Philippines, ndipo ndi imene imapezeka kwambiri m'zithunzi zonamiziridwa kuti ndi za kuno. Msana wake umaoneka ngati ukonde wa mizere yakuda ndi yachikasu, m'mbali muli timawanga toyera, maso ndi ofiirira ngati lalanje. Mutu wake ulibe nsonga ya mkondo ija. Uli ndi kamzere kakuda kamodzi kochokera pamphuno kukafika pakhosi. Kamzere kameneka kokha kamathetsa mikangano yambiri.

Nsato ya ku Burma, Python bivittatus, ndi imene imasokoneza, poti nayo ili ndi nsonga ya mkondo pamutu. Kusiyana kwake n'kwakuti mawanga ake ndi akuluakulu, odukizana bwino ndi mizere yowala ngati a kadyamsonga, ndipo pakati pa mimba pake ndi poyera popanda madontho. Kwawo ndi ku Asia, koma zithunzi zake zambiri zimachokera ku Florida m'dziko la America, kumene inafalikira m'madambo a Everglades ndipo alenje amaisaka. Mukaona nsato yachikasu ndi yoyera, dziwani kuti pafupifupi nthawi zonse imakhala yowetedwa.

Anaconda, Eunectes murinus, ndi ya ku South America, m'madambo a mitsinje ya Amazon ndi Orinoco. Thupi lake ndi lobiriwira modera, lonenepa kwambiri, lokhala ndi mawanga akuda ozungulira, mutu ndi waung'ono poyerekeza ndi thupi, ndipo maso ndi mphuno zili pamwamba pa mutu chifukwa imakhalitsa m'madzi. Mu Africa mulibe anaconda ya m'tchire. Choncho mawu akuti "anaconda yapezeka mu Shire" ndi olakwika mulimonse: ngati ili anaconda, mtsinjewo si Shire, ndipo ngati mtsinjewo uli Shire, njokayo ndi nsato.

Musadalire mtundu wa khungu wokha, chifukwa matope, kuwala kwa dzuwa ndi kamera zimausintha, komanso nsato imene yatsala pang'ono kufundula imaoneka yotuwa. Kapangidwe ka mawanga ndiko sikasintha.

4. Siyani njokayo, muyang'ane zimene zaizungulira.

Maso amathamangira pa njoka, koma umboni wa malo uli m'mphepete mwa chithunzi. Onani manambala a galimoto, zolembedwa pa malaya ndi pa zikwangwani, yunifolomu ya apolisi kapena ozimitsa moto, kamangidwe ka nyumba, ndiponso mbewu. Minda ikuluikulu ya kanjedza wopangira mafuta yobzalidwa m'mizere imaloza ku Indonesia kapena Malaysia. Pa kanema, kwezani mawu mumve chiyankhulo chimene anthu akufuulira, ndipo muzikayikira kanema amene mawu ake aphimbidwa ndi nyimbo. Mbali ya msewu imene magalimoto akuyenda imathandiza pang'ono chabe: ku Brazil amayenda kumanja, koma ku Indonesia, Malaysia, Thailand ndi India amayenda kumanzere ngati ife, ndipo anthu ena amatembenuza chithunzi dala kuti chisapezeke msanga.

5. Yezani kukula kwake.

Apa ndi pamene pali ntchito, ndipo malangizo ambiri amangodumphapo, ngati kuti ukadziwa mtundu ndi malo ndiye kuti wamaliza. Chonsecho chimene chimapangitsa chithunzi kufala ndi kukula kwa njokayo, ndipo kamera imatha kunamiza pa kukula popanda aliyense kusintha kanthu pa chithunzi.

Aliyense amene anaonapo msodzi akujambulitsa ndi kampango amaidziwa njira yake. Amatambasula manja kulozetsa nsomba ku kamera, iye n'kutsamira kumbuyo, ndipo kampango wa makilogalamu awiri amatuluka wofanana ndi mwana wa sukulu. Lamulo lake ndi losavuta: chinthu chikasendezedwa kufika theka la mtunda kuchokera pa kamera, chimaoneka chachikulu kawiri. Njoka ikakhala mita imodzi kuchokera pa foni, munthu n'kuima mamita atatu, njokayo imaoneka yaikulu katatu kuposa mmene ilili poyerekeza ndi munthuyo, ndipo nsato wamba ya mamita atatu imasanduka ya mamita asanu ndi anayi. Mafoni amene ali ndi kamera yotenga malo aakulu, ija imalembedwa 0.5, amakokomeza zimenezi kwambiri. Yesani nokha madzulo ano: kolekani lamba pa ndodo, mumuyandikize ku foni, ndipo mwana aime mapazi asanu kumbuyo. Mukaona zotsatira zake kamodzi, diso lanu lidzayamba kuzindikira msampha umenewu lokha.

Choncho funso loyamba ndi lakuti, kodi pali munthu kapena chinthu chodziwika kukula kwake chimene chikukhudzana ndi njokayo? Kuima pafupi sikokwanira, chiyenera kukhudza. Dzanja limene lagwira thupi la njoka ndi muyezo wabwino kuposa munthu wathunthu amene waima kumbuyo. Ngati palibe chokhudza, yang'anani pansi. Pa malo athyathyathya, chinthu chimene chatsika kwambiri m'munsi mwa chithunzi ndi chimene chili pafupi ndi kamera, ndiye ngati mapazi a anthu ali pamwamba kuposa pamene njoka yagona, anthuwo ali kumbuyo. Onaninso udzu ndi timiyala toyandikana ndi njoka: udzu wamba ukamaoneka ngati masamba a chimanga, kamera inali pafupi kwambiri. Nkhope za anthu zikakhala zozilala pamene mamba a njoka akuoneka limodzilimodzi, mtunda wawo ndi wosiyana. Zithunzi zovuta kwambiri ndi za njoka yolendewera pa mtengo, pa ndodo kapena pa katapila, chifukwa siigunda pansi ndipo palibe chokuuzani kuti ili pati. Mkono wa katapila ndi wautali mamita angapo, ndipo woyendetsa akaulozetsa kwa wojambula, chilichonse chimene chanyamulidwa chimakula.

Mukapeza muyezo wodalirika, tengani ulusi. Ikani chithunzi pa sikirini yaikulu, musachikuzenso kapena kuchichepetsa, ndipo yendetsani ulusiwo pakati pa msana kuchokera pamphuno mpaka kunsonga ya mchira, motsata mokhota monse. Kenako onani kuti muyezo wanu ukulowa kangati mu ulusiwo. Chitseko cha nyumba chimakhala pafupifupi mamita awiri, tayala la njinga ya kabaza pafupifupi masentimita 70, ndipo munthu wamkulu mukhoza kumuwerengera mita imodzi ndi masentimita 70. Musawerengere mbali ya thupi imene yabisika m'madzi kapena m'tchire, popeza maganizo amakonda kuwonjezera pamene maso sakuona. Yankho lanu lisakhale nambala imodzi. Nenani kuti ili pakati pa mamita anayi ndi asanu, mwachitsanzo.

Pali muyezo wina umene anthu saugwiritsa ntchito, womwe ndi kulemera. Nsato ya maukonde yotchedwa Medusa, ya ku Kansas City, imene a Guinness World Records anaiyeza mu 2011 n'kupeza mamita 7.67, inkalemera makilogalamu 158.8, kuposa matumba atatu a chimanga, ndipo panafunika anthu 15 kuti ainyamule moitambasula. Njoka ikatalika kawiri n'kunenepanso kawiri, kulemera kwake kumachuluka kasanu ndi katatu. Ndiye kuti njoka ya mamita 15 ingalemere pafupifupi makilogalamu 1,200, omwe ndi matumba 24 a chimanga. Mukaona anyamata asanu ndi mmodzi ainyamula pamapewa akumwetulira, kapena bambo mmodzi waikweza pa ndodo ndi dzanja limodzi, nambala imene yalembedwayo siingakhale yoona.

Ndipo ngati m'chithunzi mulibe muyezo uliwonse, vomerezani kuti kukula kwake sikungadziwike. Chithunzi chotchuka chimene chinajambulidwa kuchokera mu helikopita ku Katanga mu 1959, chimene msilikali wa ku Belgium, Remy Van Lierde, ankati chikuonetsa njoka ya mamita pafupifupi 15, anthu akukanganabe nacho mpaka lero pa chifukwa chimenechi: muli njoka ndi nthaka, koma mulibe chinthu chimene aliyense angatsimikize kukula kwake.

6. Yerekezani ndi njoka zimene zinayezedwadi.

Nsato ya kuno ikafika mamita asanu ndiye kuti ndi yaikulu zedi, ndipo zambiri zimene anthu amakumana nazo ndi za mamita atatu kapena anayi. Nsato ya ku Burma yaitali kuposa zonse zogwidwa ku Florida, mu July 2023, inali mamita 5.79. Bungwe la Wildlife Conservation Society la ku New York linakhala zaka zambiri likulonjeza mphoto, imene inafika madola 50,000, kwa aliyense wobweretsa njoka yamoyo ya mafiti 30, omwe ndi mamita 9 ndi pang'ono, ndipo mphotoyo inachotsedwa mu 2002 popanda woitenga. Kumapeto kwa 2003 nyuzi za padziko lonse zinalemba za nsato ya pa malo ena osungirako nyama ku Java, imene eni ake ankati ndi ya mamita 14.85; mtolankhani wa The Guardian atapita ndi tepi, anapeza kuti inali pakati pa mamita 6.5 ndi 7. Njoka zopitirira mamita 12 zinalipodi, koma kalekale. Titanoboa, imene mafupa ake anapezeka mu mgodi wa malasha wa Cerrejón ku Colombia ndipo inalengezedwa mu 2009, inkafika mamita pafupifupi 13, ndipo inakhalako zaka pafupifupi 60 miliyoni zapitazo.

Chikopa chosendedwa si umboni, chifukwa chimatanuka kwambiri pochisenda ndi pochikhomera kuti chiume. Chenjeraninso ndi chithunzi cha nsato yotupa mimba chokhala ndi mawu akuti yameza woledzera kapena mayi wochapa. N'zoona kuti nsato ya maukonde inamezapo anthu, monga zinachitikira pa chilumba cha Sulawesi mu 2017, koma chotupa chokha sichikuuzani zimene zili mkati, ndipo kawirikawiri imakhala mbuzi, nkhumba kapena gwape.

7. Onani ngati chithunzicho sichinapangidwe pa kompyuta.

Ndaika mfundoyi kumapeto dala, chifukwa masiku ano anthu amathamangira kunena kuti "ndi AI" pa chithunzi chilichonse chodabwitsa, ndipo potero amakana zithunzi zenizeni. Tsatirani thupi la njoka ndi chala kuchokera kumutu mpaka kumchira, muone ngati mapindidwe ake akulumikizana. Pa zithunzi zopangidwa, mawanga amasintha mtundu pakati pa thupi, mamba amasungunuka ngati phula, zilembo za pa zikwangwani siziwerengeka, ndipo njoka yolemera matani siipinda udzu kapena kusiya mkukuluzi m'matope. Zizindikirozi zikunka zichepa pamene makina akupita patsogolo, choncho dalirani kwambiri funso ili: ngati chikhamu cha anthu chaima pamenepo mafoni ali m'manja, zithunzi zojambulidwa kuchokera mbali zina zili kuti? Chinthu chenicheni chotere chimasiya zithunzi zambiri zosiyanasiyana, osati chimodzi chokha.

8. Funsani odziwa, kenako yankhani amene anakutumizirani.

Ngati mukukayikabe za mtundu, ikani chithunzi pa iNaturalist, tsamba lothandiza kuzindikira zamoyo, kapena tumizani kwa a African Snakebite Institute a ku South Africa, amene amathandiza kuzindikira njoka za mu Africa, ndipo onaninso ngati a Africa Check kapena AFP Fact Check, amene amafufuza nkhani zabodza, sanachifufuze kale. Zikapezeka kuti njokayo ndi yeniyeni ndipo ili m'dera lanu, musapite kukajambulitsa nayo. Nsato ilibe ululu, koma mano ake amang'amba kwambiri, ndipo ndi nyama yotetezedwa ndi malamulo, choncho dziwitsani a nthambi yoona za nyama zakutchire.

Poyankha, musachititse munthu manyazi pa gulu, makamaka ngati ndi wamkulu. Mawu akuti Napolo ali ndi mbiri yake: anthu a ku Zomba amakumbukira 1946, a ku Phalombe amakumbukira 1991, ndipo amene anaona phiri likugumuka sakhala akuseka akamatchula dzinalo. Azakhali anga ndinawayankha kumbali, ndipo ndinawatumizira zithunzi ziwiri. Choyamba chinali mutu wa njoka ija nditaukuza, kamzere kakuda kakuoneka pakati. Chachiwiri chinali chithunzi chomwecho monga ndinachipezera pa tsamba lina lakale, chosadulidwa m'mphepete, mitengo ya kanjedza ili m'mizere kumbuyo kwa katapila. Pansi pake ndinalemba kuti, "Azakhali, njokayi ndi yeniyeni koma si ya kuno, ndi nsato ya ku Asia, ndipo chithunzichi chinalipo kale madziwa asanasefukire. Ikuoneka yaikulu chonchi chifukwa katapila waiyandikiza kwa wojambula. Inu mukhalebe ku sukulu komweko mpaka madzi ataphwa, musabwerere kunyumba usiku uno."